Khomo Lotulukira Ndinalitsegula Ndine

1

"Ine chibadwire sindinagwidwepo, ndipo wodzandigwira amayi ake sanafunsiridwe n'komwe."

Mawu amenewa ndinkawanena paliponse, paukwati, pamaliro, ngakhale pamzere wa kuchipatala, uku ndikudziguguda pachifuwa. Anzanga ananditcha Mlamba, chifukwa aliyense amene anayesa kundigwira anatsala ndi manja oterera basi.

Sukulu tinasiyana mwamtendere. Iyo sinandifune, inenso sindinaikakamire. Ndinakapeza kabenchi pamsika n'kumakonza mafoni, ndipo kumeneko ndinaphunzira luso limene silili m'buku: kuyang'ana zala za munthu akamatsegula foni yake. Kamodzi kokha, nambala yake yachinsinsi yasamukira kale m'mutu mwanga.

Achimwene anga ndi munthu wina. Tinayamwa bere limodzi, koma iwo anatenga mutu, ine ndinatenga pakamwa. Anaphunzira za makompyuta mpaka magalasi anawaboola pamphuno. Atatsegula kampani yawo, zipinda ziwiri pamwamba pa shopu ya matayala, anandichotsa pabenchi paja, n'kundipatsa mpando wozungulira ndiponso chipinda kuseri kwa nyumba yawo.

Ntchito yathu inali kusunga zotsatira za odwala za labu ina yoyeza magazi. Mapepalawo sankakhala mu ofesi mwathu ayi. Ankakhala pa makina a lendi akutali, amene eni ntchitoyi amati klawudi, ine ndinkangoti kumitambo. Makinawo azunguliridwa ndi fayawolo, mpanda wosaoneka umene umasankha cholowa ndi chotuluka. Achimwene akafuna kuukhudza mpandawo sankadinadina tizithunzi ngati ena. Ankatsegula windo lakuda bii, n'kumalemba malamulo mzere ndi mzere.

"Anthu onse amalondera khomo lolowera," anandiuza tsiku lina. "Koma wakuba akalowa, sanabe kanthu. Waba akatuluka ndi katundu. Ndiye ine kotulukira ndinatseka konse."

"Ndiye wakubayo mumusunga momwemo? Tizimuphikira tiyi?"

"Akhale mpaka amere imvi."

Makina akafuna kutumiza kanthu kunja, achimwene ankaboola kabowo kamodzi: adiresi imodzi, khomo limodzi. Ndipo asanalembe pa windo lakuda, ankayamba alemba m'kope lawo lachikuto chobiriwira: tsiku, dzina la lamulo, kumene likupita, ndi chifukwa chake. Mafayilo a odwala sankawatsegula ngakhale mutawaloza ndi mfuti.

"Ife ndife alonda, mng'ono wanga. Mlonda sawerenga makalata a bwana."

Ine ndinalibe chilolezo chokhudza mpandawo. Ntchito yanga inali mawaya, mapulinta ndi kuseketsa makasitomala.

2

M'nyumba mwa achimwene munali mwana mmodzi, wamkazi, wa zaka zisanu. Tinkamutcha Kachiwala chifukwa cha timiyendo take ndi kudumphadumpha kosatha. Ine ankanditcha bambo aang'ono. Ankakwera pamapewa panga n'kumandikhotetsa ndi makutu ngati njinga, ndipo ndikakana kukhota ankati ndatha mabuleki.

Chaka chatha kudumpha kuja kunazilala. Mwana anayamba kulira mafupa, maso kuchita chikasu, kugona ku wodi ya chipatala sabata yathunthu. Adokotala anati ndi matenda a magazi obadwa nawo.

"Amenewa mwana satola panjira," anatero. "Amatengera kwa makolo onse awiri, aliyense n'kupereka mbali yake. Tiyeze bambo ndi mayi, kuti tidziwe za ana obwera m'mbuyo."

Magazi anatengedwa Lolemba, ku labu yomwe ija. Envelopu inkayenera kutuluka Lachisanu, koma ife a ntchitoyi tinkadziwa kuti m'makina zotsatira zimalowa Lachitatu.

Lachitatu m'mawa alamu, akazi a achimwene, ananditsekereza pampopi kuseri kwa nyumba. Ine ndi iwo tinkakhalira kunyogodolana, ndiye ndinayamba monga mwa masiku onse.

"Alamu, nkhope imeneyi mwabwereka kwa wapolisi wapamsewu?"

Sanaseke.

"Ndikufuna ndione pepala la achimwene anu iwo asanalione."

"Dikirani Lachisanu. Ndi mkuja chabe."

"Lachisanu ndidzakhala nditafa ndi mtima. Inu si Mlamba? Tererani."

"Mpanda wa amuna anu uja ntchentche yomwe imapempha chilolezo potuluka."

Madzi anali akusefukira mu ndowa, koma palibe anatseka mpopi.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "musandichititse kunena ndi pakamwa."

Sindinawachititse kunena. Inunso owerenga mupirire pang'ono, ndikuuzani.

3

Masana a tsiku lomwelo foni ya achimwene inalira. Kachiwala anali atadwalikanso. Achimwene anathamanga kutsika masitepe, kusiya tiyi wa theka ndi laputopu patebulo.

Mawu awo achinsinsi ndinali nditawadziwa kwa zaka zitatu. Sindinawagwiritsepo ntchito, ndinkangowasunga monga mmene munthu amasungira mpeni m'thumba.

Ndinakhala pampando wawo, n'kutsegula windo lakuda lija. Fayilo ndinaipeza mosavuta, koma linali pepala lojambulidwa, ndipo pa windo lakuda sipaoneka chithunzi. Panafunika kuitumiza pafoni panga. Ndinayesa. Makina anangoti duu, ngati mlonda amene wakumva koma sakufuna kukuyankha. Mpanda unali ukugwira ntchito yake.

Tsono lamulo lotsegula ndinali nditaliona kambirimbiri ndili kumbuyo kwawo. Limafuna dzina, ndinalemba "kanthawi". Limafuna mbali, ndinalemba yotulukira. Limafuna adiresi ya kumene zinthu zikupita. Pamenepo ndi pamene sukulu inandibwezera chipongwe. Wophunzira akanafufuza adiresi yeniyeni ya kumene ankatumizako. Ine sindinkadziwa kofufuzira kwake. Chimene ndinakumbukira n'chimene achimwene anandionetsa tsiku lina atatukula chala: maziro anayi ndi ziro wina kumapeto, 0.0.0.0/0.

"Izi usadzalembe moyo wako wonse," anatero tsikulo. "Zikutanthauza kulikonse padziko lapansi. Si kuboola mpanda kumeneko, n'kuugwetsa."

Ndinalemba zomwezo. Pa khomo ndinaika onse. Pa chifukwa ndinasiya popanda kanthu. Mumtima ndinati, mphindi ziwiri zokha, ndani angadziwe?

Ndinatumizanso fayilo ija, foni m'thumba n'kuti ting'. Ndinawerenga pepalalo kawiri.

Kenako ndinalemba lamulo lofufuta, n'kudina. Nthawi yomweyo ndinamva kutsokomola pamasitepe ndi makiyi akulira. Ndinatseka windo lija msangamsanga, n'kugwetsa chivindikiro cha laputopu.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti makinawo ukawauza kufufuta lamulo, amayamba akufunsa ngati watsimikiza, n'kudikira yankho. Funsolo linafera limodzi ndi windo lija. Khomo linatsala pululu.

Achimwene analowa akupuma mwawefuwefu.

"Ukutani pampando panga?"

"Ndimayesa ngati ubwana ungandikwane. Ukundithina m'chiuno."

Anamwetulira motopa, n'kunyamula laputopuyo. "Amugoneka. Ndizigwirira ntchito ku wodi konko. Uyang'anire pano."

Lachisanu alamu anakatenga okha envelopu. Anauza amuna awo kuti zili monga ananenera adokotala, ndipo pepalalo silinaonekenso. Achimwene anangoti, "Chabwino." Ine ndinadziuza kuti Mlamba watereranso.

4

Lolemba lotsatira mafoni a mu ofesi anayamba kulira tisanavule majekete.

Wakuba anali m'kati kale. Miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo, kalaliki wina wa ku labu anatsegula kalata yachinyengo pa kompyuta, kachilombo n'kulowa mpaka kumitambo kuja. Kanasonkhanitsa katundu yense, n'kumagogoda kotulukira mphindi iliyonse, miyezi yonseyo, osayankhidwa. Kakanameradi imvi momwemo. Lachitatu masana kanagogoda n'kupeza mpanda palibe.

Mapepala a anthu zikwi makumi atatu ndi mphambu anatuluka. Mayina, manambala a foni, ndi zimene magazi awo ananena. Pofika Lolembalo anali atapachikidwa pa tsamba lina la pa intaneti, anthu akutumizirana ngati nthabwala.

Achimwene anapeza lamulo lija m'mphindi zitatu, n'kulifufuta. Makina atawafunsa ngati atsimikiza, ndinaona funsolo kwa nthawi yoyamba, ndili kumbuyo kwawo. Iwo anakhala nthawi yaitali akuwerenga mndandanda wa zonse zimene zinatuluka, mzere ndi mzere.

Lachiwiri kunabwera mayi wina. Anakwera masitepe ndi chikwama cha zovala pamutu, n'kuchitula pakati pa ofesi.

"Amene mumasunga magazi a anthu ndinu?"

"Mayi, khalani pansi kaye," anatero achimwene.

"Ndikhale pati? Kunyumba andithamangitsa. Ndinakayezetsa ndekha, mwakachetechete, ndimati ndipeze tsiku labwino ndiwauze bambo a ana anga. Awerengera pafoni ya mnzawo kuntchito. Dzina langa, nambala yanga." Anayang'ana makompyuta athu mmodzimmodzi. "Ndi iti mwa amenewa yandiulula?"

Achimwene anavula magalasi, n'kugwada pa simenti pamaso pa mayi uja.

"Si makina, mayi. Ndi ife."

5

Kafukufuku anachitikira mu ofesi momwemo. Kunabwera mwini labu, ndi mayi wina wofufuza wochokera ku bungwe loona za zinsinsi za anthu, wamagalasi apamphuno ndiponso wosaseka.

M'mawa mwake, tikukwera masitepe, ndinachita chinthu chimene chimandiwawa kuposa lamulo lija. Ndinagwira achimwene paphewa.

"Achimwene, musadziweruze kwambiri. Masana aja munkagwira ntchito ku wodi, mutu uli pa mwana, masiku atatu osagona. Munthu akhoza kulemba chinthu osadziwa kuti walemba."

Anaima pa sitepe, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ukuganiza choncho?"

"Zimachitika. Ngakhale wansembe amaiwala pemphero."

"Zimachitikadi," anatero, n'kupitiriza kukwera.

Mayi wofufuza anawerenga papepala. "Lachitatu, nthawi itangopitirira hafu pasiti wani masana. Lamulo lotchedwa kanthawi. Kotulukira, kulikonse, makomo onse, chifukwa palibe. Linalembedwa ndi kiyi wanu, bambo, pa laputopu yanu. Alipo wina amene amadziwa mawu anu achinsinsi?"

Ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinaona kuti chingwe chimodzi chinali chachifupi kuposa chinzake.

"Palibe," anatero achimwene.

"Malamulo anu ena onse ndi opapatiza ngati diso la singano, lililonse ndi chifukwa chake. Limeneli likuoneka ngati lalembedwa ndi munthu wina."

"Ndinalemba ndine. Mwana wanga anali m'chipatala. Ndinatopa."

Mwini labu anamenya tebulo. "Zaka zisanu ndi ziwiri mukundiuza kuti kwa inu sikutuluka kanthu!"

"Ndinkanena zoona, adokotala. Mpaka Lachitatu."

Anawalanda chiphaso chosungira zinsinsi za anthu. Labu inachoka, makasitomala ena n'kutsatira ngati nkhuku zoona mphamba. Dzina lawo linatuluka m'nyuzi. Munthu amene ankaitanidwa kukaphunzitsa anzake za mipanda anayamba kuwoloka msewu akaona mnzake wa ntchito. Tsitsi linachita imvi m'miyezi iwiri.

Ine palibe anandifunsa kanthu. Ndani angaganizire wa mapulinta?

6

Tsopano ndikuuzeni chimene alamu anakana kunena pampopi paja.

Chaka chimene ndinasamukira kuseri kwa nyumba yawo, banjalo linali litatha zaka zisanu ndi zitatu popanda mwana. Achibale ankalankhula, ndipo monga mwa masiku onse zala zinkaloza mkazi. Alamu ankalira pochapa kuti misozi isaoneke. Chaka chomwecho achimwene anapita ku maphunziro kwa miyezi iwiri.

Sindikunamizani kuti chinali chikondi, kapena chifundo. Alamu ndinkawaseketsa kuti aiwale, ndipo tsiku lina kuseka kunapitirira malire. Zinachitika kawiri. Achimwene atabwerako, mimba inaoneka, masiku ake n'kukhala oti ukhoza kuwawerengera uku kapena uko. Tinasankha kuwerengera kumene kunatikomera, ndipo sitinakambiranenso.

Pepala limene ndinagwetsera mpanda linkanena chinthu chimodzi: m'magazi a achimwene mulibe mbewu ya matenda aja. Patapita sabata ndinakayezetsa kwina, pa dzina lonama. Mwa ine ilimo.

Ndiye Kachiwala akamalira mafupa, theka la ululuwo ndinamupatsa ndine. Mayi wa chikwama uja ndinamuthamangitsa ndine. Ndipo munthu amene anandichotsa pabenchi ndinamubweza pansi ndi manja anga, kenako n'kumunong'oneza kuti wadzigwetsa yekha.

Inu owerenga, makamaka inu ochenjera anzanga amene mumaseka mukapulumuka, mverani wamkulu wanu. Ndinkaganiza kuti kusagwidwa ndi mphatso. Koma mlandu sufera m'malere. Ukauzemba umagwera amene waima pafupi nawe, ndipo amene amaima pafupi ndi munthu ngati ine ndi yekhayo amene amamukonda. Chinsinsi changa chinali chimodzi. Pochiteteza ndinamwaza za anthu zikwi makumi atatu amene sanandilakwire kanthu. Mukaona kuti chinthu chikufuna "mphindi ziwiri zokha" ndiponso kuti mwiniwake asakhalepo, chotsani manja.

Ndikanatha kulekera pomwepa, mukanati Mlamba walapa koma sanagwidwe. Inenso ndinkaganiza choncho mpaka Loweruka lapitali.

7

Linali tsiku lotula makiyi a ofesi. Matebulo anali atapita, pakhoma patatsala mabowo a misomali ndi mawaya olendewera. Pansi, a matayala ankamenya chitsulo ngati masiku onse. Achimwene apeza kantchito kolumikiza mawaya m'masukulu, ntchito imene kale ankandituma ine.

Ndinkakulunga waya womaliza pamene anandiitana.

"Mlamba, tabwera."

Anali atakhala pawindo, kope lobiriwira lili pamwendo.

"Achimwene, kope limenelo tikaliike ku nyumba yosungira zakale. Ana asukulu azidzalipira poliona."

Sanaseke. Anatsegula tsamba lomaliza n'kundipatsa. Panali mzere umodzi, wolembedwa ndi dzanja lawo laukhondo lija. Tsiku: Lachitatu. Dzina: kanthawi. Kumene likupita: kulikonse. Pa chifukwa analembapo nambala ya fayilo.

Ndinaidziwa nambalayo.

"Mayi wofufuza uja ankayang'ana katundu wamkulu," anatero. "Ine ndinayang'ana chimene chinayamba kutuluka. Mpanda utangogwa, wakuba asanadzuke n'komwe, panatuluka kafayilo kamodzi. Kanga. Kakubwera kuno, pa intaneti ya mu ofesi muno. Nthawi imeneyo ine ndinali m'galimoto, ndipo pampando panga ndinapezapo munthu akuyesa ubwana."

"Achimwene, ine..."

"Ndinaona Lolemba lomwe lija, iwe utaima kumbuyo kwanga ukupuma ngati mbuzi yomangidwa."

"Nanga bwanji simunanene? Bwanji munavomera?"

"Ine anandilanda chiphaso. Iwe, wolowa ndi kiyi wakuba, akanakutsekera. Ndipo m'khoti akanafunsa kuti fayilo imeneyo unkaifuniranji, pamaso pa anthu, nyuzi zikulemba. Mwana uja adzakula, adzadziwa kuwerenga."

Ndinakhala pansi pa simenti, pomwe anagwada iwo tsiku lija.

"Ndiye... pepalalo munaliwerenga?"

"Mlonda sawerenga makalata a bwana. Sindinafunike kuwerenga." Anapukuta magalasi ndi malaya, pang'onopang'ono. "Maphunziro aja anali a sabata zisanu ndi imodzi. Ziwiri zinazo ndinali kwa madokotala. Anandiuza kuti ine sindidzabereka, ngakhale atatani. Ndinabwera ndi mawu amenewo m'thumba, ndikusowa poyambira. Ndisanapeze poyambira, alamu ako anandiuza kuti ali ndi pakati. M'nyumba munali mwamuna mmodzi yekha."

Pansi chitsulo chinasiya kulira.

"Ndinati ndidikire, mmodzi wa inu adzandiuza. Ukanabwera Lachitatu lija n'kunena kuti achimwene, pepala likubwerali lili ndi nkhani, ndikanakuyankha kuti ndikuidziwa, khala pansi timwe tiyi. Mayi uja bwenzi ali kunyumba kwake lero."

Anaimirira, n'kutenga kope lija m'manja mwanga.

"Makiyi a kuseri uwasiye pawindo la kukhitchini. Mwanayo ndi wanga, ndinamusankha asanabadwe. Uzibwera Lamlungu kudzamuona, amafunsa bambo ake aang'ono. Koma za pamasitepe zija, zoti ndinalemba osadziwa, zimenezo sindinapeze pozisunga."

Atafika pakhomo anatembenuka. Anatambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, monga amachitira munthu woonetsa kuti sanabise kanthu.

"Umati sunagwidwepo, mng'ono wanga. Zaka zisanu ndi chimodzi wakhala uli m'dzanja ili. Ndinangosankha kusafumbata."